Ankati ndine mayi wa poizoni

Ine ndine mayi wa ku Kafue, koma kwathu kwenikweni ndi ku Katete, kum'mawa kwa Zambia. Ndinabwera kuno ndi bambo a kunyumba atapeza ntchito pa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia. Iwo atatisiya, ntchito imene ndinaphunzira kwa amayi anga ndiyo inalera ana anga: kukazinga mtedza, kupera chiponde ndi kukonza ufa wa phala. Ndimagulitsa pamsika ndi m'magolosale a ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, komanso ndimapereka ufa m'masukulu a mkaka. Umboni wanga ndi wa chaka cha 2024, pamene dzina langa ndi bizinesi yanga zinatsala pang'ono kufera limodzi, ndiponso wa anthu a ntchito zosiyanasiyana amene Mulungu anawakumanitsa kuti choona chidziwike.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanamasule. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa ngozi ya dziko lonse, poti mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anali atapserera mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Abale anga a ku Katete, amene chaka ndi chaka ankanditumizira mtedza wa m'makoko, anandiuza kuti angopeza wa mbewu basi. Ndinayamba kugula mtedza woswa kale kwa ogulitsa oyendayenda, pa mtengo wowawa. Madzi atachepa ku Kariba magetsi nawo anasowa. Ankabwera pakati pa usiku n'kuzimanso kusanache, ndipo ife ogayitsa tinkagona pa chigayo, matumba ali pamzere, kudikira kuti babu liyake.

Mu Ogasiti nkhani inamveka pa wailesi imene inagwedeza nyumba iliyonse. Nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga cha chuku, ndipo mwa zitsanzo 25 zimene anatenga m'makampani ogaya chimanga, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoni wa aflatoxin wopitirira mlingo. Boma linalamula kuti ufa wina uchotsedwe m'mashopu. Anthu anayamba kununkhiza thumba lililonse, ndipo pamsika nkhani inali imodzi yokha.

Paja mvula ikakuona litsiro sikata. M'masiku omwewo, m'mawa wina ndikukazinga soya, foni inalira. Anali aphunzitsi a pa sukulu ina ya mkaka. "Amayi, bwerani msanga kuchipatala. Mwana wadya phala lanu ndipo akubanika." Ndinasiya chiwaya pamoto, mwana wanga wamkulu ndiye anaphula.

Mwanayo ndinamuona ndili pakhomo la chipinda. Milomo inali itatupa, zikope zitatsekeka, thupi lonse lili zidzolo, ndipo popuma ankalira mluzu pachifuwa. Anamwino anali atamubaya kale jakisoni wa adrenaline pantchafu n'kumuika mpweya. Mayi ake atandiona anaimirira, nati: "Amayi, mwana wanga anakulakwirani chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ufa umene ndinapereka pasukulupo unali wa chimanga ndi soya basi, womwe ndakhala ndikupanga zaka zonsezi.

Dzuwa lisanalowe, chithunzi cha paketi yanga chinali chitazungulira pa WhatsApp, ena atalembapo kuti ufa wopha agalu uja wafika ku Kafue. Eni magolosale anayamba kubweza katundu. Ena ankanong'onezana kuti ndinakhwimira bizinesi ndipo tsopano ikufuna magazi. Ndikadutsa pamsika ana ankaloza kuti uyo mayi wa poizoni. M'mawa mwake anabwera a zaumoyo oyendera malo a zakudya, natenga zitsanzo za ufa ndi chiponde, natseka chipinda chimene ndinkagwiriramo ntchito. Anali ndi mphamvu yotero mwa lamulo la chitetezo cha chakudya la 2019, ndipo anachita bwino, koma kwa ine kunali kuzimitsa moto wa pakhomo. Ndalama ya chilimba ndinali nditaiika yonse mu mtedza, lendi ikudikira, mdzukulu akufuna fizi.

Usiku tulo sindinkatiwona. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinkangoti: Ambuye, chiritsani mwana uja, ndipo choona chioneke, ngakhale chitakhala chowawa kwa ine. Amayi a chigwirizano ankabwera madzulo ndi kaufa ndi kandiwo, kudzakhala nane pamphasa pamene ena ankaopa ngakhale madzi akumwa a pakhomo panga.

Yankho linayambira kwa adokotala amene anathandiza mwanayo. Iwo sanangolemba m'buku n'kutseka. Anaimbira foni mmodzi wa a zaumoyo aja, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, namuitanira kuchipatala, naitananso ine ndi mayi a mwana. Anatikhazika pabenchi limodzi natifotokozera mwachifatse. Aflatoxin, iwo anatero, satupitsa milomo m'mphindi zochepa. Amapita ku chiwindi. Akachuluka kwambiri munthu amasanza, m'mimba mumapweteka, maso amachita chikasu, ndipo zimatenga masiku. Komanso ana onse a pasukulupo anadya phala la mumphika umodzi, wodwala n'kukhala mmodzi. Zimenezi zikusonyeza kuti thupi la mwanayu limadana ndi china chake chimene chinali m'phalamo, chimene kwa ana ena ndi chakudya chabwinobwino.

Mtsikana wa zaumoyo anatulutsa kabuku kake. Poyamba anaganizira soya, poti nayenso amawenga anthu ena, monga zimachitikira ndi mkaka, mazira, nsomba, tirigu ndi mtedza. Koma mayi a mwana anati nyama ya soya amadya kunyumba popanda vuto. Adokotala anawafunsa kuti akumbukire bwino ngati mwanayo anatulukapo zidzolo atadya chinachake. Anakhala chete, kenako anati: "Tsiku lina kwa agogo ake analawa chiwawa chotendera, pakamwa ponse panafiira. Kuyambira pamenepo nsinjiro sindithira." Onse anatembenukira kwa ine. Ndinawauza motsimikiza kuti mu ufa umenewo sindiikamo mtedza. Mtsikana uja sananditsutse. Anangofunsa kuti, "Amama, mumagayitsa kuti?"

Tinapita ku chigayo masana magetsi kulibe. Mwini wake poyamba anachita mantha, kuganiza kuti tabwera kudzamutsekera. Mtsikanayo anamulankhula mwaulemu: "Bambo, sitinabwere kudzagwira munthu. Tithandizeni kuona m'kati." Mnyamata wa pachigayopo anamasula mabawuti, natsegula chitseko cha chigayo, nasolola sefa. M'mphepete mwa sefayo ndi kuseri kwa nyundo munali mutamatirira zinthu zofiirira, zonona. Anapala ndi sipanala n'kuika pachikhatho changa. Fungo lokha linandiuza: unali mtedza. Amayi ambiri amagayitsa chimanga, soya ndi mtedza pamodzi pokonza phala la ana, ndipo mafuta a mtedza amakakamira pazitsulo. Kale mnyamatayo ankapukuta akapeza mpata, koma m'miyezi imeneyo, magetsi akungobwera maola ochepa, thumba linkatsatana ndi thumba linzake chigayo chisanaime. Ufa wanga unadutsa pambuyo pa ufa wa mtedza, n'kutola zotsalira. Kwa mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, kachidutswa kosaoneka n'komwe n'kokwanira kutseka kukhosi. Mwini chigayo anavula chipewa, nati zaka zonse wagwira ntchitoyi palibe anamuuzapo zimenezi.

Mwana anachira natuluka m'chipatala, ndipo ndinagwada kuthokoza. Ndinkaona ngati nkhani yathera pomwepo. Koma zotsatira zochokera ku labotale ku Lusaka zitafika, mtsikana uja anabwera yekha kunyumba, nakhala pansi asanalankhule. Ufa wa phala unalibe vuto la chuku. Koma chiponde cha mtedza umene ndinagula komaliza chinapezeka ndi aflatoxin wopitirira mlingo wololedwa. Mavuto anali awiri osiyana, ndipo lachiwirili likanapitirira mwakachetechete chipanda mwana uja kudwala, chifukwa palibe amene anadandaulapo za chiponde. Chinali chokoma, chonunkhira bwino, cha mtundu wake.

Ndinalira, poti mabotolo amenewo ndiwo anali chuma changa chonse. Mtsikanayo anati: "Amama, ine ndimadziwa kutseka ndi kutsegula, koma za m'munda sindinaphunzire. Tiyeni tikaonane ndi alangizi." Anandiperekeza kwa alangizi a zaulimi, bambo wachikulire amene anathira mtedza wanga wotsala m'lichero n'kuyamba kusankha ndi chala. Anapatula wofwapa, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, wakuda kunsonga. Wina ankauswa pakati n'kundionetsa kaufa kobiriwira m'kati, pamene kunja unkaoneka bwino. Anandiuza kuti chuku chimenechi, chimene ophunzira amachitcha Aspergillus flavus, chimakhala m'nthaka momwemo. Mvula ikadula mtedza uli pafupi kukhwima, nthaka imatentha, makoko amang'aluka, chuku n'kulowa mtedza usanazulidwe n'komwe. Chaka cha chilala ndicho chaka chake. Kenako amawonjezera ndi anthu amene amawaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, kapena kuti mtedza ulemere pa sikelo, n'kuutsekera m'thumba usanaume.

Ndinafunsa ngati kukazinga sikupha poizoniyo. Anapukusa mutu. Moto umapha chuku, koma poizoni amene chasiya amapirira moto wa chiwaya ndi wa mphika. Sanunkha nthawi zonse, saoneka, ndipo amamuyeza pa magawo a mu biliyoni. Bungwe la Codex, loika miyezo ya zakudya padziko lonse, limalola magawo 15 pa mtedza umene ukakonzedwenso, pamene maiko a European Union amalola 4 okha pa mtedza wodyedwa. Akatswiri a khansa a bungwe la zaumoyo padziko lonse anamuika m'gulu la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya chiwindi, ndipo ngozi imakula kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Ngakhale ku South Africa, kumene kuli makampani akuluakulu, chiponde cha m'mashopu otchuka chinabwezedwa mu Febuluwale 2024 pa chifukwa chomwechi.

Maganizo anga anali oti mtedza wotsalawo ndipatse nkhuku kapena ndigulitse kwa oweta ng'ombe za mkaka, ndipezeko kangachepe. Alangizi anaimbira foni adokotala a ziweto ine ndili pomwepo. Iwo anakaniza. Anati ng'ombe ikadya chakudya cha chuku poizoni amatulukira mu mkaka, n'kukathera m'kapu ya mwana. Anatikumbutsa kuti poizoniyu anadziwika koyamba mu 1960 ku England, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ndi chakudya cha mtedza, ndipo kuno kwathu agalu ndi amene anachenjeza dziko lonse. Ziweto zikayamba kufa, anthu a chipatala ayenera kumva tsiku lomwelo. Anatinso mtedza wosankhidwa kuti ndi woipa usasinjidwe nsinjiro, ngakhale ndiwo umene amayi ambiri timagula poti ngotchipa. Chiponde chonse ndi mtedza wotsala zinawonongedwa a zaumoyo akuona, ndipo ndinazungulira m'magolosale kutolera botolo lililonse limene linatsala.

Chipinda chisanatsegulidwe, mtsikana wa zaumoyo anayenda nane ngodya ndi ngodya. Apa anandiphunzitsa za ngozi ina, ya mankhwala. M'tauni ya mafakitale ngati ino zigubu ndi migolo yakale zimagulitsidwa paliponse, ndipo sitidziwa chimene chinali m'katimo. Pulasitiki imamwa mankhwala, kutsuka sikuchotsa onse. Matumba a feteleza si osungiramo chakudya. Mankhwala a anankafumbwe monga Actellic ali ndi muyezo wake wolembedwa, ndipo a makoswe sayenera kukhala chipinda chimodzi ndi ufa. Patangopita miyezi iwiri, mu Okutobala 2024, tinamva za ana 6 a ku Naledi, ku Soweto m'dziko la South Africa, amene anamwalira ndi mankhwala a terbufos, omwe anthu amagulitsana mumsewu ngati ophera makoswe. Mawu a mtsikana uja anandilowa kawiri.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anthu onsewa ankagwira ntchito m'tauni imodzi, koma ena anali asanakhalepo pansi pamodzi. Adokotala ankaona mwana, a ziweto ankaona agalu, alangizi ankaona munda, a labotale ankaona nambala, mwini chigayo ankaona sefa. Aliyense payekha akanapereka chigamulo cholakwika kapena choperewera. Nkhani yanga itatha sanabalalike. Anatsegula gulu pa WhatsApp, natiikamo ndi ife opanga zakudya, eni zigayo ndi aphunzitsi a sukulu za mkaka. Tinkakumana m'kalasi ina Loweruka masana. Anamwino anaphunzitsa aphunzitsi kuti mwana akatupa milomo kapena kubanika atangodya, asamumwetse mkaka kapena makala, asadikire makolo, athamange naye kuchipatala. Masukulu anayamba kufunsa makolo polembetsa ngati pali chakudya chimene chimawenga mwana wawo. Mwini chigayo anapatula tsiku la ufa wa mtedza, nagula sefa yachiwiri, ndipo pamapeto pake amatsegula, kupala ndi kudutsitsa gaga asanalandire chimanga cha munthu wina.

Alangizi anapitiriza mpaka kumunda. Anandipatsa uthenga wokauza abale anga ku Katete: kubzala ndi mvula yoyamba, kuzula mtedza pa nthawi yake, kuuyanika pamulu wozungulira wokhala ndi mpata wa mphepo pakati, umene amautcha Mandela, osati kuumwaza padothi, ndi kuusunga m'makoko mpaka tsiku lofuna kuugwiritsa ntchito. Anandiuzanso za Aflasafe, imene akatswiri a IITA anakonza pamodzi ndi a kafukufuku wa zaulimi a ZARI, amene likulu lawo lili ku Mount Makulu, ku Chilanga, panjira yathu yopita ku Lusaka. Ndi mapira opakidwa mtundu wa buluu, onyamula chuku chosabala poizoni. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, ndipo chuku chabwinocho chimalanda malo a choipa chija.

Kuyambiranso sikunali kophweka. Amayi a chilimba anagwirizana kundipatsa ndalama nthawi yanga isanakwane. Ndinayamba ndi mtedza wochepa wa m'makoko, woswa ndekha ndi adzukulu, wosankha kawiri, usanakazingidwe ndiponso utakazingidwa. Ndinatumiza chitsanzo ku labotale ya Zambia Bureau of Standards ku Lusaka. Ndalama yoyezetsa imaluma kwa munthu wamng'ono, choncho tinasonkha ndi amayi anzanga opera chiponde, tikugula mtedza pamalo amodzi kuti chitsanzo chimodzi chitiimirire tonse. Pepala la zotsatira zabwino ndinalimata pakhoma. Pa botolo lililonse tsopano pali tsiku lopangira ndi nambala yosonyeza thumba limene mtedzawo unachokera. Pa paketi ya ufa pamalembedwa ndi zilembo zazikulu zonse zimene zilimo, ndi chenjezo lakuti wagayidwa pa chigayo chimene chimagayanso mtedza.

Amene anabweza makasitomala anga ndi mayi a mwana uja. Anabwera okha pamsika, anthu akuona, nandigwira dzanja. "Amayi, ndinakulankhulani ndi mtima wopweteka. Lero ndikudziwa chimene chikanapha mwana wanga, ndipo ndikudziwa chomutetezera." Anajambula mawu n'kutumiza m'magulu omwe aja amene chithunzi changa chinadutsa. Adokotala nawo anafotokoza pa msonkhano wa makolo, osabisa za chiponde chimene chinawonongedwa. Ndinkaopa kuti anthu akamva zimenezo athawiratu, koma zinatembenuka. Ankati uyu ndiye woti tizigula kwa iye, poti zake zimayezedwa.

Gulu lija linaonetsanso phindu lake mu 2025. Pa 18 Febuluwale damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linaphulika, ndipo malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi, umene umathira mu Kafue. Nsomba zinafa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Ife tili kutali kumunsi, koma mtsinje ndi womwewo, umene tikumwa ndiponso umene umapopedwa pa Iolanda kupita ku Lusaka. Mantha atafika kwa amayi ogulitsa nsomba, panali kale pofunsa. A zaumoyo ankatipatsa zimene boma lalengeza, natichenjeza kuti nsomba yotoledwa itafa kale isagulidwe ngakhale itatchipa bwanji, ndiponso kuti kuyanika kapena kuwamba sikuchotsa zitsulo za poizoni m'thupi mwake. Mphekesera sizinapeze malo monga zinachitira pa ine.

Tsono ndikulankhula ndi inu amayi ndi abambo anzanga amene mumadyetsa ana a eni: opera chiponde, ophika m'masukulu, ogulitsa nsinjiro, eni zigayo. A zaumoyo akafika pakhomo musabise thumba kuseri kwa nyumba. Atsegulireni, afunseni mafunso, tengani nambala yawo. Lembani pa paketi zonse zimene mwaikamo. Mtedza wofwapa ndi wa chuku usalowe mumtondo. Inunso ophunzira, a chipatala, a ziweto, a zaulimi, a labotale, dziwanani mayina ndi manambala vuto lisanagwe, ndipo pokambirana mutiitane ife amene manja athu amagwira chakudyacho, chifukwa lamulo lolembedwa ku Lusaka limakwaniritsidwa pa lichero ndi pa sefa ya chigayo.

Mwana uja lero ali ku pulayimale, ndipo aphunzitsi ake onse amadziwa chimene sayenera kudya. Ngongole ya chilimba ndinabweza, mdzukulu sanasiye sukulu, ndipo ndalemba ntchito amayi ena osankha mtedza. Ndinapempha Mulungu kuti choona chioneke, ndipo anandiyankha kudzera mwa anthu amene analola kuimbirana foni ndi kumverana.